Kelsham Wakale

Mudzi wathu wa Kelsham uli pawiri. Wina uli kuno ku Suffolk, m'dziko la England. Wina uli kutsidya kwa nyanja yamchere, ku New England, kumene ndinasiya mano anga ndi manda a mwamuna wanga ndisanabwerere kuno. Tinachoka tikuimba masalimo, tikuti tikuthawa mabishopu ndi uchimo, koma titafika uko panalibe wa nzeru yopeka dzina. A ku Boston anatcha matope awo Boston, a ku Ipswich anatcha awo Ipswich, ifenso tinakhoma tinyumba ta mitengo m'mbali mwa dambo n'kupatcha Kelsham. Eni dziko anali nalo dzina lawo la dambolo, koma palibe anawafunsa. Adamu anapatsidwa nyama zonse kuti azitche mayina atsopano. Ife tinapatsidwa dziko lathunthu n'kungobwereza zakale ngati mwana wophunzira kulankhula.

Amene anatsogolera ulendowo anali Ezra Garrod. Anatenga theka la mudzi, kuphatikizapo oomba nsalu abwino onse, ndipo tsiku lonyamuka anaima pachipata cha tchalitchi n'kuuza otsalawo kuti akutsala mu Sodomu. Mmodzi mwa otsalawo anali mlongo wanga, Barnaby Catchpole. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mlomo wa Ezra unatsata mwana wake.

Mwanayo anali Lemuel, wobadwira kutsidyako, amene anabwera ku England kudzagwira ntchito kwa wogulitsa zingwe za zombo ku Ipswich. Pamsika wa kumeneko anakumana ndi Keziah, mwana yekhayo wa Barnaby. Anamufunsa kwawo, Keziah n'kuti ku Kelsham. Lemuel anamwetulira n'kuti nayenso ndi wa ku Kelsham. Keziah anamuuza pamaso pa azimayi ogulitsa nsomba kuti anyamata a m'tauni amanama inde, koma uyu wanama mopanda nzeru, poti iye amadziwa ngakhale mayina a agalu a ku Kelsham. Anakangana mpaka msika unatha. Sabata yotsatira anakangananso. Pofika nthawi yometa nkhosa, Lemuel anali atalonjeza kuti sadzabwereranso kutsidya, adzakhala kuno n'kumukwatira.

Chotsala chinali mawu a Barnaby. Anali masiku aja dziko linalibe mfumu, maukwati akulengezedwa pamsika, ndipo mtsikana wa msinkhu wa Keziah sakanakwatiwa bambo ake asanavomere pamaso pa mlembi wa maukwati.

*

Mayi a Keziah anamwalira kalekale, ndiye ntchito yonyengerera Barnaby inagwera ine. Barnaby atavomera kumuona mnyamatayo, Keziah anakamuchingamira pamlatho n'kumuphunzitsa ngati mwana wa katekisimu. Asatchule bambo ake. Asayamikire chimanga cha uko. Asanene kuti mitengo ya kwawo ndi yaitali kuposa ya kuno. Ndipo mowa wa ababa ngakhale uwawe ngati ndulu, autame.

Mnyamatayo anayesetsa. Anadya nyama ya nkhosa mwaulemu, anatama mowa, anafunsa za ubweya ngati munthu wofunadi kudziwa. Barnaby, amene anakhala pagome nkhope ili ngati chitseko chokhoma, anayamba kumasuka mpaka anamudulira yekha tchizi. Ndinaona mtima wa Keziah ukukhala pansi.

Kenako belu la tchalitchi linalira. Lemuel anasiya kutafuna n'kutchera khutu, maso ake atanyowa.

"Ndi limeneli eti," anatero. "Amayi ankandiuza kuti palibe belu lolira bwino ngati la ku Kelsham Wakale."

Ine ndinatsinzina. Uko tonse tinkatero. Mudzi wathu wa m'dambo unali Kelsham basi, uno n'kukhala Kelsham Wakale, monga mmene munthu amanenera malaya akale. Mwana wobadwira uko sakanadziwa kuti mawuwo ali ndi minga.

Barnaby anaika chikho pansi pang'onopang'ono n'kumupempha kuti abwereze. Lemuel, posazindikira, anabwereza.

"Wamva, Keziah?" anatero Barnaby ndi mawu otsika. "Tikukhala m'mudzi wakale. Tikudyera m'mbale zakale, pafupi ndi manda akale a amayi ako. Mudzi weniweni uli m'dambo, kumene achule amaimba masalimo."

Lemuel anayamba kupepesa, koma anangosonkhezera moto. Anati n'chizolowezi chabe, chosiyanitsira midzi iwiriyo kuti anthu asasokonezeke. Barnaby anamufunsa kuti mudzi unayamba kukhalapo ndi uti. Kodi mbala ikakubera ng'ombe, mwini ndiye amasintha chizindikiro kuti anthu asasokonezeke? Anati Ezra anatenga amisiri, anatenga mbusa, anatenga mlongo wake, apa anandiloza ndi mpeni osandiyang'ana, ndipo chinthu chimodzi chimene iye ankaganiza kuti sichingakwere chombo chinali dzina. Lero wamva pagome pake pomwe kuti nalonso linakwera, kuno kunangotsala makoko.

"Ababa, ndi mawu amodzi okha," anatero Keziah.

"Mawu amodzi ndi amene bambo ake anatisiyira pachipata paja. Mpaka lero akununkha."

Ataimirira, ananena chimene ankafuna. Ngati mwana wa Garrod akufuna mwana wa Catchpole, Lachisanu pamsika, mlembi akamalengeza ukwatiwo, akwere pamwala wa pakati pa msika n'kunena mokweza kuti Kelsham ndi mmodzi padziko lonse, ndipo iye anabadwira m'tchire lopanda dzina. Popanda zimenezo asapondenso pakhomo pake.

*

Keziah anamupeza Lemuel pamlatho paja, atatsamira mpanda, akuponya timiyala m'madzi. Sanamupatse mpata. Anamufunsa ngati makutu ake anali kumsika pamene ankamuphunzitsa, Lemuel n'kuyankha kuti pa zoletsedwa zonse zija za belu panalibe. Keziah anati munthu wamutu safunika kuuzidwa kuti usatchule mwini nyumba kuti ndi chiguduli uli ndi nyama yake m'kamwa.

Atatopa kukalipa, anamugwira mkono. Anati ababa ake ndi khoswe wa pamkhate, kulimbana naye n'kuswa mkhatewo. Lemuel angonena mawuwo Lachisanu, anthu aseke, Loweruka aiwale. Si iye mwini analonjeza kuti sadzabwererako? Nanga dzina la malo amene sadzawaonanso likumupweteka pati?

Lemuel anachotsa mkono wake.

"Amayi anga agona kumeneko, Keziah. Pathabwa la pamanda awo analembapo kuti anabadwira ku Kelsham, anafera ku Kelsham. Ankati chimenecho chokha n'chimene chinawatonthoza, kuti sakufera kuchilendo. Ukufuna ndikwere pamwala ndinene kuti anakwiriridwa m'tchire ngati galu?"

"Sakamva."

"Ine ndikamva."

Keziah anabwerera m'mbuyo. Kuyambira pamenepo anasiya kumutchula iwe.

"Ndiye mwasankha, a Garrod. Ine ndili pano ndi magazi otentha, inu mwasankha thabwa."

Lemuel anati si chilungamo kuika zinthu ziwirizo pamuyeso umodzi. Keziah anati chilungamo akachifune kwa oyera mtima a kwawo, amene amaona Sodomu paliponse kupatula m'kamwa mwawo. Anatinso iye wakhala akumuteteza m'mudzi monse, kwa azimayi a m'tchalitchi, kwa anzake, kwa bambo ake omubala, ndipo tsiku loyamba kupemphedwa kuti naye ataye kanthu, wayamba kuwerenga manda. Lemuel anayankha kuti wataya kale dziko lathunthu chifukwa cha iye, koma zikuoneka kuti kwa a Catchpole mphatso ikaperekedwa mwakachetechete siwerengedwa, mpaka iperekedwe pamsika anthu akuwomba m'manja.

Anasiyana osatsanzikana.

*

Lemuel akabwera ku Kelsham ankagona kunyumba ya alendo ya a Kerridge, ndipo a Kerridge anali ndi mwana wamkazi, Damaris, amene anayamba kuvala kolala yake ya Lamulungu pakati pa sabata chifikireni mnyamatayo. M'mawa mwake Keziah anamupeza Damaris pachitsime, atsikana ena atamuzungulira. Nkhani inali itafika kale, poti makoma a Barnaby ndi opyapyala ndipo mawu ake sali choncho.

"Mwadzuka bwanji, mayi a kumudzi wakale?" anatero Damaris, atsikana aja n'kubisa nkhope m'maepuloni. "Ndamva kuti kwanu mukufuna mkamwini wosabadwira kulikonse. Wongogwa kumwamba ngati matalala."

Keziah anaponya ndowa m'chitsime. Damaris anapitiriza, akulankhula ndi anzakewo koma maso ali pa Keziah. Anati mnyamata wa eni ake sanadye dzulo, mpaka iye anachita kumuphikira phala la mkaka n'kukhala naye kuti adye. Anati kwawo bambo ake safunsa munthu kumene anabadwira, amangofunsa ngati wadya. Anafotokozanso zimene Lemuel amamuuza: nkhukundembo zoyenda m'nkhalango ngati nkhosa, chipale chofewa chofika m'chiuno, kamtsinje kamene ankagwirako nsomba ndi manja ali mwana.

"Amasintha nkhope akamakamba za kwawo. Iwe sunaonepo? Kapena sunamufunsepo?"

Pamenepo ndiye panalowa munga, chifukwa zinali zoona. Keziah ankakonda Lemuel ngati munthu amene moyo wake unayambira pamsika wa ku Ipswich. Za kutsidya ankaziopa monga mkazi amaopera mkazi mnzake, ndipo Lemuel akaziyamba, iye ankasintha nkhani.

Damaris anaonjeza kuti iye chombo sachiopa, ndipo mwamuna akamukonda angamutsate ngakhale kumudzi wotchedwa Gehena.

"Kumeneko ndiye sungasochere," anatero Keziah, n'kukhuthulira ndowa yonse pansapato za Damaris.

Anafika kunyumba ndi ndowa yopanda madzi. Anandiuza kuti ndipite kwa a Kerridge ndikamuuze Lemuel kuti akapanda kukwera pamwala Lachisanu, phala la mkaka azidya moyo wake wonse, ndipo iye asadzamuonenso. Ndinamuuza kuti uthenga wotumizidwa mtima ukuwira umafika utapsereza wolandira. Anati, "Azakhali, mukapanda kupita ndipita ndekha, ndipo ndikamupeza Damaris ali pafupi naye, mlandu wake muusenza ndinu."

*

Ndinamupeza Lemuel kuseri kwa khola la akavalo. Ndinapereka uthengawo monga ndinaulandirira. Ataumva, anandifunsa ngati ndikukumbukira tsiku la maliro a amayi ake. Ndinkalikumbukira. Nthaka inali itauma ndi chisanu moti amuna anasonkha moto pamwamba pake kuti makasu alowe. Dorcas Garrod anali mkazi wofatsa amene anatsata mwamuna wake kutsidya akulira, ndipo m'masiku ake omaliza ankafunsa aliyense wolowa ngati belu lalira, pamene uko tinalibe belu, tinkaitanira anthu kutchalitchi ndi ng'oma.

Lemuel anandifunsa ngati Keziah akunenetsa. Ndinati ndi mwana wa Barnaby. Anagwedeza mutu ngati munthu amene sing'anga wamuuza kuti mwendo uyenera kudulidwa.

Pobwerera ndinadzera kwa mlongo wanga. Ndinamuuza kuti akulanga mwana pa mlandu wa bambo, chinthu chimene ngakhale mneneri Ezekieli anachikana. Ndinamuuzanso kuti amene anatcha dambo lija Kelsham sanachite monyoza. Anali anthu olira kwawo, ozizidwa, oika ana m'manda mwezi ndi mwezi, ndipo dzina linali chofunda chokhacho chimene anali nacho. Ndinaonjeza kuti ine ndinabwerera kudzafuna mudzi umene ndinkaulota zaka zonsezo, n'kupeza nyumba zakugwa, mitengo ya m'mbali mwa msewu itadulidwa, ndi anthu ouma mtima olondera dzina ngati galu wolondera nyumba yopanda anthu.

"Mavesi ako ukawerengere achule," anatero Barnaby. "Iwenso unali m'chombomo, mlongo wanga. Pagome panga umadya chifukwa ndife a bere limodzi, osati chifukwa ndinaiwala."

*

Lachisanu msika unadzaza kuposa masiku onse. Anthu amene sagula kanthu chaka chonse anabwera ndi madengu opanda kanthu. Barnaby anaima kutsogolo atavala chikhoto chake chakuda. Keziah anali pambali panga. Damaris anali patsidya, kolala ili mbee.

Mlembi, munthu wachimfine chosatha, anawerenga maukwati a anthu ena, kenako anafika pa Keziah Catchpole wa ku Kelsham ndi Lemuel Garrod, n'kuima, poti sanadziwe kuti anene wa kuti. Anthu anayang'ana uku ndi uku. Wina kumbuyo anati mnyamata wathawira ku Kelsham winayo, anthu n'kuseka.

Ndiye Lemuel anatulukira pakati pa ogulitsa mazira. Anavula chipewa n'kukwera pamwala. Nkhope yake inali ngati phulusa. Sanayang'ane Keziah, sanayang'ane Barnaby, anayang'ana nsanja ya tchalitchi.

"Kelsham ndi mmodzi padziko lonse," anatero. Mawu anamuthawa, wina n'kukuwa kuti sakumva. Anakweza mawu. "Kelsham ndi mmodzi, ndi uno. Ine Lemuel, mwana wa Ezra ndi Dorcas Garrod, ndinabadwira m'tchire lopanda dzina."

Ndinkayembekezera phokoso, koma msika unangoti zii. Ngakhale amene anabwera kudzaseka anayang'ana pansi. Keziah anandifinya dzanja mpaka mafupa anga akale analira, misozi ikutsika, koma akumwetulira. Mlembi anapukuta mphuno n'kutembenukira kwa Barnaby, kumufunsa ngati monga bambo wa mtsikana akuvomera ukwatiwu.

Barnaby anayenda pang'onopang'ono mpaka pamwala. Anamuyang'ana Lemuel kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi.

"Mwamva nonse," anatero. "Ndinkafuna kudziwa ngati mwana wa njoka ndi njoka. Bambo ake anakana mudzi umene unawabala. Uyu wakana mudzi umene unamubala, ndi manda a mayi ake omwe, pofuna mkazi. Mawa akadzafuna china, adzakana ndani? Mwana wanga sindimupereka kwa munthu wogulitsa kwawo pamsika. Mlembi, fafanizani."

Pamenepo ndiye phokoso linabuka. Ena anati Barnaby wachita bwino, ena anati wachita zaumbala. Ine ndinamuuza mawu amene mkazi wa msinkhu wanga sayenera kuwadziwa, ndipo sindiwalemba pano. Koma Keziah anandiposa. Anadutsa pakati pa anthu n'kuima maso ndi maso ndi bambo ake, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

"Munalibe cholinga chovomera, ababa. Akanakana mukanati ndi wamwano, wavomera mukuti ndi wogulitsa. Simunkafuna mkamwini, munkafuna Ezra Garrod pamwalapa, ndipo poti simungamupeze mwasenda mwana wake. Mwandigwiritsa ntchito ngati nyambo."

Barnaby anamuuza kuti apite kunyumba. Keziah anati nyumba yake ndi yakaledi, Lemuel sananame, ndipo chilichonse m'menemo chinafa chaka chimene chombo chinanyamuka, kungoti palibe analimba mtima kuchikwirira. Anati zaka zimene zatsala kuti lamulo limumasule azidikira kwina, osati pansi pa denga lake.

Lemuel anali atatsika pamwala, akuyenda kulowera kunyumba ya alendo, anthu akumupatukira ngati wakhate. Keziah anamuthamangira n'kumugwira malaya. Ndinali pafupi, ndinamva zonse. Anamuuza kuti amukhululukire, analakwa kumukakamiza, ndipo tsopano palibe chomusunga kuno. Chombo choyamba chonyamuka ku Ipswich akwere onse awiri. Akaone kamtsinje kaja, akaone manda a amayi ake, akakwatirane uko kumene mawu a Barnaby sangafike.

"Nditenge, Lemuel. Tipite kwanu."

Lemuel anayang'ana dzanja limene linagwira malaya ake mpaka Keziah analichotsa yekha. Amalinyero a ku Ipswich anali pamsikapo, ndipo tonse tinkadziwa kuti mawu a pamwala aja adzawoloka nyanja iye asanawoloke, n'kukafika m'makutu a Ezra ndi a mpingo wonse.

"Kwathu kuti?" anatero, mawu ake ali ozizira. "Mwandiuza kuti ndinene kuti kulibe, ndanena. Mudzi uno wandikana, winawo ndaukana ndekha inu mukumwetulira. Mukufuna ndikutengereni kuti, mayi Catchpole?"

Anapitiriza ulendo wake. Chipewa chake chinali chitatsala pamwala paja, ndipo amene anachitola, n'kuchisasa fumbi, n'kumutsatira nacho mpaka kulowa naye pakhomo la a Kerridge, anali Damaris. Keziah anatsala pakati pa msewu, kumbuyo kwake bambo ake akumuitana, kutsogolo kwake chitseko chikutsekedwa.